Nyumba ya maofesi ya nsanjika 6 ku City Centre: momwe ntchito ikuyendera

14 Ogasiti 2023: kuyeza dothi

Ndine kapitawo wamkulu pa ntchito yomanga nyumba ya maofesi ku City Centre kuno ku Lilongwe. Ikhala ya nsanjika 6, ndipo kunsi kwake kukhala besimenti yoimikamo magalimoto. Kukula kwake ndi mamita 30 mulitali ndi 20 mulifupi. Ndizilemba zomwe tikukumana nazo chifukwa cha amisiri anzanga ndi makontilakitala ang'onoang'ono amene anazolowera nyumba zapansi za ku Area 49 ndi ku Area 25, koma tsopano ayamba kupatsidwa ntchito zosanja. Mzinda uno unakhala likulu mu 1975, ndipo mapuloti ena omwe anasiyidwa opanda kanthu kuyambira nthawi imeneyo ndi amene akumangidwa lero. Ntchito zotere zichuluka.

Pulani inavomerezedwa ku Khonsolo ya Mzinda, ntchito inalembetsedwa ku NCIC (bungwe loyang'anira ntchito zomanga), mpanda wa malata wazungulira puloti. Chimene chasintha zinthu mwezi uno ndi dothi. Anabwera ndi makina oboola, nkuboola malo asanu mpaka kufika mamita 15. Mbali yoyang'ana msewu kuli katondo wofiira wolimba bwino. Koma ngodya yakumunsi, kumene malo amapendekera ku dambo, kwapezeka makande akuda omwe amafufuma akamwa madzi ndi kung'aluka akauma. Pulani yoyamba inali yoti chipilala chilichonse chikhale ndi phazi lakelake. A injiniya athu, mayi amene wakhala pa ntchitoyi zaka zambiri, akana. Ati mbali ina ikanatitimira kuposa inzake, makoma nkuyamba ming'alu. Tsopano maziko akhala silabu imodzi yokhuthala masentimita 80, yoyala pansi pa nyumba yonse.

Kuyezako kwadya K9 miliyoni. Abwana eni nyumba anadandaula, koma pa ndalama zonse za ntchitoyi sindikuonapo ina yomwe yagwira ntchito yabwino kuposa imeneyi. Madzi a pansi apezeka pa mamita 4.5. A injiniya atikumbutsa kuti uno ndi Ogasiti, ndipo mu Januwale sadzakhala pamenepo.

29 Seputembala 2023: kukumba, ndi nkhani ya mchenga

Dzenje lafika mamita 4. Makina okumba tikubwereka pa K400,000 patsiku, dizilo ndi wathu. Katondo wabwino tamuunjika pangodya kuti tidzakwirire naye m'mbali, makande onse atuluka ndi matipa. Simenti tikugula pakati pa K15,000 ndi K16,000 thumba la makilogalamu 50.

Mchenga wavuta kuposa momwe ndimayembekezera. Matipa ambiri obwera nawo amanena kuti ndi wa kumtsinje, koma wina amakhala wa m'dambo wosakaniza ndi dothi. Tili ndi njira yathu pageti. Timatenga botolo loonekera mkati, kuthiramo mchenga mpaka theka, kuonjezera madzi ndi kamchere pang'ono, kukhutchumula kwambiri, nkuliika pamthunzi. Pakapita maola atatu mchenga umakhala pansi, ndipo pamwamba pake pamayala kamzere ka matope. Timayeza kamzereko ndi rula. Pa mchenga wa masentimita 10, matope akapitirira mamilimita 6 tipa imabwerera. Dalaivala wina anandiuza kuti, "Akuluakulu, mchenga umenewu Lilongwe yonse ikumangira." Ndinamuonetsa botolo, matope ake anali pafupifupi sentimita ndi theka. Pa nyumba ya zipinda zitatu mwina ungapulumuke nawo. Pa chipilala chonyamula nsanjika 6 ayi.

Miyala ya kwale tikutenga ya mamilimita 19, ndipo tikuitsuka ndi paipi ikabwera ndi fumbi lambiri.

13 Novembala 2023: kwacha yagwa

Sabata yathayi Reserve Bank yatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Dola yomwe inali cha m'ma K1,180 tsopano ili pa K1,700. Dizilo wachoka pa K1,920 kufika pa K2,734 pa lita. Aka ndi kachiwiri m'nthawi yochepa, popeza mu Meyi 2022 inagwanso ndi 25 peresenti.

Pa saiti zatanthauza izi. Nyumbayi ikufuna zitsulo pafupifupi matani 220, ndipo tinali titagula matani 60 okha, okwanira maziko ndi makoma a besimenti. Otsalawo tigula pa mtengo watsopano. Ogulitsa ku Kanengo ndi ku Old Town ena anatseka kaye mashopu kuti awerengenso mitengo, ndipo kotesheni yomwe kale inkakhala mwezi wathunthu tsopano akuti ndi ya tsiku lomwelo. Simenti tagula lero pa K21,000.

Kontilakiti yathu inasainidwa pa mtengo wokhazikika. Takhala pansi ndi abwana eni nyumba komanso owerengera mitengo, ndipo tagwirizana kuti simenti, zitsulo ndi dizilo zizilipiridwa potengera malisiti a mwezi umenewo. Zinatheka chifukwa abwanawa ndi munthu womva. Mnzanga amene ukusaina ntchito yopitirira chaka m'dziko muno, onetsetsa kuti mawu okhudza kusintha kwa mitengo alembedwa usanagwire piki. Ndaona makontilakitala abwinobwino akuthawa pa saiti chifukwa cha ndime imodzi imeneyi.

Pamsonkhano womwewo ndinapempha kuti chikepe ndi magalasi tiitanitse panopa, ngakhale nyumba isanatuluke m'dothi, popeza zonsezi zimalipiridwa ndi madola. Abwana ati ndalama zomwe zilipo zipite kaye ku konkire. Ndawamvetsa, koma mtima wanga sunakhazikike.

8 Disembala 2023: maziko athiridwa

Konkire ya maziko ndi makiyubiki mita pafupifupi 500, ya mphamvu ya C30, kutanthauza kuti ikayesedwa patatha masiku 28 mphamvu yake iyenera kufika pa 30. Ndi mikisa ya pa saiti ndi mawilibala sizikanatheka, choncho tinagula yosakaniza kale, yobwera pa magalimoto ake, ndi pampu yoikankhira m'dzenje. Tinagawa silabu pawiri. Pa mzere wokumanirana zigawo ziwirizo tinaikapo lamba wa labala wotchinga madzi, ndipo pansi ponse tinayala nsalu yakuda yoletsa chinyontho isanabwere konkire.

Tinkayamba 4 koloko m'mawa kuti magalimoto adutse msewu usanadzaze. Mavayibuleta, makina ogwedeza konkire kuti ikhazikike bwino, anali atatu, wachinayi wodikirira. Chigawo chachiwiri chili pakati, magetsi anazima kumene amasakanizira konkire, ndipo tinakhala pafupifupi maola awiri opanda galimoto. Apa mpomwe pamabadwira mzere wofooka, konkire yakale ikayamba kugwira yatsopano isanafike. Anyamata anaphimba m'mphepete mwake ndi ziguduli zonyowa, tinayatsa mikisa yathu yaing'ono nkumathira pang'onopang'ono pa mzerewo kuti usaume, mpaka magalimoto anabweranso. Kuyambira tsopano sindilola kuthira kwakukulu popanda kufunsa ngati jenereta ya kumeneko ili ndi dizilo, komanso popanda matumba 100 a simenti pambali.

Pothirira madzi tinaumba timizere ta mchenga pamwamba pa silabu nkudzazamo madzi kwa masiku 10.

22 Januwale 2024: madzi akwera, khoma la dothi lagumuka

Zomwe ananena a injiniya zachitika. Madzi a pansi akwera kufika pa mamita 2, kutanthauza kuti dzenje lathu lili mamita awiri kunsi kwa madzi. Makoma a besimenti anali atatha mbali zitatu. Mbali yachinayi, ya makande ija, tinali titangomanga zitsulo.

Usiku wa Lachinayi kunagwa mvula yamphamvu. M'mawa tinapeza dothi la mbali imeneyo litatsetserekera m'dzenje pa utali wa mamita 8, litapinda zitsulo ndi kukwirira mashatala, matabwa ogwira konkire ikamathiridwa. Mpanda wa oyandikana nawo unatsala lendelende, maziko ake akuonekera. Mwamwayi munalibe munthu m'dzenjemo. Mlonda, bambo wachikulire wa ku Kauma, anati anamva ngati galimoto yakhuthula miyala, ndipo anachita bwino kusatsikirako ndi tochi.

Chinagumula dothi si mvula yogwera m'dzenje. Ndi madzi ochokera kumtunda kwa puloti, amene ankayenda m'mbali mwa mpanda nkumalowa m'ming'alu ya makande pamwamba pa phompho. Tachita zinthu zingapo. Takumba ngalande kumtunda yopatutsa madziwo asanafike padzenje. Tasema phompho kuti lipendekeke, taliphimba ndi pulasitiki yakuda, ndipo m'munsi mwake tasanja matumba a mchenga. Mpanda wa anzathuwo tautchinjiriza ndi mitengo, ndipo tawalonjeza polemba kuti tidzaumanganso. Pangodya ziwiri takumba zitsime zazing'ono momwe mapampu awiri a mainchesi atatu akukoka madzi usana ndi usiku. Kunja kwa makoma tikuika paipi yoboolaboola yokutidwa ndi kwale kuti madzi azitsikira ku chitsime chokhazikika, chomwe chidzakhale ndi pampu yodziyatsa yokha nyumba ikadzatha.

Zonsezi zadya K14 miliyoni ndi masabata atatu. Tikanayamba kukumba mu Meyi, besimenti ikanatha ndi kukwiriridwa mvula isanagwe. Mu Lilongwe mvula imayamba cha mu Novembala nkutha mu Epulo, ndipo aliyense wofuna besimenti awerengere kuchokera pamenepo kubwerera m'mbuyo.

Anthu achepanso pa saiti. Aganyu ambiri apita kukapalira ndi kukathira feteleza kumudzi, ndipo sungawaletse.

18 Malichi 2024: zitsulo zopepuka ndi maring'i

Kuyambira mwezi watha malipiro otsikitsitsa a boma akwera kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi. Tasintha malipiro a onse, ndipo nkoyenera, poona mtengo wa chimanga chaka chino.

Kunabwera matani 30 a zitsulo za Y16 (zonenepa mamilimita 16) kuchokera kwa wogulitsa watsopano amene mtengo wake unali wotsikirapo. Mkulu wa omanga zitsulo, amene tonse timangowaitana kuti madala, ananyamula chimodzi nkunena kuti, "A kapitawo, ichi chapepuka m'manja." Tinadula mita imodzi nkuika pa sikelo. Y16 yeniyeni imalemera makilogalamu 1.58 pa mita. Ichi chinali 1.41. Tinadula zina zitatu m'mitolo yosiyana, zonse chimodzimodzi. Tinayezanso Y12, yomwe iyenera kukhala 0.89, iyo inali bwino. Katundu wa Y16 yense wabwerera, ndipo taima sabata imodzi kudikira wina. Sikelo ya K60,000 yaikidwa mu ofesi ya pa saiti, ndipo palibe mtolo wotsika m'galimoto tisanadule ndi kuyeza. Tikutumizanso zidutswa ku labotale kuti akazikoke aone mphamvu yake.

Nkhani ina yomwe tinakangana nayo ndi maring'i a m'zipilala, tizitsulo tozungulira ndi kumanga pamodzi zitsulo zazitali. Pa pulani, pafupi ndi pomwe chipilala chikumana ndi bimu, maring'i atalikirana masentimita 10 okha, ndipo nsonga zake zikuyenera kupindidwa mokhotera mkati ndithu, osati kungogonekedwa pakona. Ndi ntchito yotopetsa, ndipo anyamata ankafuna kuchita monga anazolowera. A injiniya anawasonkhanitsa pansi pa mtengo nkuwakumbutsa za chivomezi cha ku Salima cha mu 1989, chomwe chinagwedezanso Lilongwe, ndi zivomezi za ku Karonga za mu Disembala 2009. Dziko lathu lili m'chigwa chachikulu chija cha Rift Valley. Nthaka ikagwedezeka, ring'i yongogonekedwa imatseguka, zitsulo zazitali nkuphulikira kunja, chipilala nkuphwanyika. Madala anali ku Salima chaka chimenecho, ndipo atafotokoza zomwe anaona, mkangano unathera pomwepo. Makoma a konkire ozungulira chikepe ndi masitepe nawonso ali pa ntchito yomweyo, yogwira nyumba kuti isapendame.

27 Meyi 2024: mitengo ya bulugamu yatikana

Silabu yoyamba tinaichirikiza ndi mitengo ya bulugamu monga timachitira pa nyumba zazing'ono. Mitengo ina inali yaiwisi, ina yokhota, ndipo pakati pa chigawo chimodzi shatala inatsika masentimita awiri konkire ili kuthiridwa. A injiniya ayeza, ati silabu ndi yolimba, tidzawongola ndi pulasitala. Koma sitibwerezanso. Tabwereka zochirikizira zachitsulo 900, zokweza ndi kutsitsa ndi sikuluwu, pa K3.2 miliyoni pamwezi. Matabwa a paini nawonso akwera mtengo chifukwa nkhalango ya Chikangawa inatha mitengo yokhwima, choncho tagula mapulayi okhala ndi nkhope yosalala, omwe ukawapaka mafuta ndi kuwachotsa mosamala amagwira masilabu asanu kapena kuposa.

Silabu iliyonse pamodzi ndi mabimu ake ikudya makiyubiki mita 150, simenti yoposa matumba 1,000. Zochirikizira za pansi pa mabimu sitichotsa masiku 21 asanakwane, ndipo nsanjika ziwiri za pansi pa yomwe tikuthira zimakhalabe zochirikizidwa.

19 Ogasiti 2024: magalasi ndi dzuwa la masana

Tili pa nsanjika yachitatu. Chithunzi chomwe chili pa chikwangwani pageti chikuonetsa nyumba ya magalasi mbali zonse zinayi, yonyezimira ngati za ku Johannesburg. Makotesheni a magalasi ndi aluminiyamu afika, ndipo mtengo wake mu kwacha waposa kawiri zomwe zinalembedwa mu 2023. Abwana anaitanitsa msonkhano ndi ojambula pulani.

Ine ndinali wokondwa kuti nkhaniyi yatseguka, chifukwa galasi lalikulu loyang'ana kumadzulo silikugwirizana ndi mzinda uno. Lilongwe ili cha pa madigiri 14 kumwera kwa equator. Masana dzuwa limakhala pamwamba, ndipo kakhonde kakang'ono kamakwanira kutchinga mawindo a kumpoto ndi kumwera. Koma la m'mawa ndi la kumadzulo limalowa chopingasa, molunjika m'chipinda. Funsani amene amagwira ntchito m'maofesi a magalasi kuti mu Okutobala ikamakwana 3 koloko kumakhala bwanji. Amatseka makatani, amayatsa magetsi masanasana, makina oziziritsa akulira, ndipo magetsi akazima jenereta imamwa dizilo wa K2,734 pa lita kuti iziziritse chipinda chomwe galasi likuotcha. Mukayenda ku Capital Hill mukaone nyumba za m'ma 1970, mawindo ake analowa mkati mwa khoma, ali pamthunzi, ndipo amatseguka. Amene anazijambula analiganizira dzuwa lathu.

Ojambula pulani sanakane. Tagwirizana kuti mbali ya kumpoto, yoyang'ana msewu, ikhalebe ya magalasi koma ndi timakhonde ta konkire pa nsanjika iliyonse. Kumadzulo ndi kum'mawa kukhala makoma a mabulokosi, mawindo ocheperapo, ndi zipsepse za konkire zoimirira m'mbali mwa windo lililonse. Pa nsanjika iliyonse pakhala mawindo otseguka ndi dzanja. Magalasi ofunika kuitanitsa atsika ndi pafupifupi theka, ndipo owerengera za makina oziziritsa nawonso achepetsa kukula kwake. Pulani yosinthidwayi yapita ku Khonsolo kuti ikavomerezedwe. Chovuta nchakuti masilabu atatu omwe tathira kale alibe zitsulo zolandirira zipsepsezo, ndiye tiboola nkumata zitsulo ndi guluu wake wapadera, ntchito ya K6 miliyoni yomwe sikanakhalapo nkhaniyi ikanakambidwa pachiyambi.

Chikepe chaitanitsidwa mwezi uno. Ogulitsa akufuna 60 peresenti patsogolo, m'madola. Mapepala ali kubanki, tikudikira kuti ndalama zakunja zipezeke.

21 Okutobala 2024: makiyubu a nsanjika yachinayi

Nthawi iliyonse tikathira konkire timadzaza makiyubu asanu ndi limodzi, omwe ndi timabulokosi ta konkire yomweyo toyesera mphamvu yake, timawalemba tsiku ndi malo, timawamiza m'thanki la madzi, kenako atatu amakaphwanyidwa ku labotale pa masiku 7, atatu pa masiku 28. Pa C30 timayembekezera cha m'ma 20 pa masiku 7. Zotsatira za zipilala zitatu za kumadzulo zabwera 14.

Zipilala timathira ndi mikisa ya pa saiti chifukwa konkire yake ndi yochepa. Ndafufuza zomwe zinachitika tsiku limenelo. Kunatentha kwambiri, makina okwezera katundu anachedwa, konkire inayamba kulimba mu wilibala, ndipo woyendetsa mikisa anayamba kuonjezera madzi kuti izitsetsereka bwino pakati pa maring'i othinana aja. Sanachite mwa ulesi. Anaona anzake akuvutika pamwamba ndipo anafuna kuwathandiza. Koma madzi oonjezera ndi amene amapha konkire. Titachotsa mashatala, m'munsi mwa chipilala chimodzi munali mabowo ngati chisa cha njuchi, miyala ikuonekera, ndipo ndinatha kusolola mwala umodzi ndi zala.

A injiniya aletsa kuika shatala ya silabu pa zipilala zimenezo mpaka zotsatira za masiku 28 zibwere. Tikupitiriza mbali ya kum'mawa.

25 Novembala 2024: tagumula zipilala, mafuta asowa

Masiku 28 apereka 22. Tinaboolanso zipilalazo nkutenga zidutswa za konkire yeniyeniyo, zotsatira sizinasinthe. A injiniya anati zigwe. Abwana anafunsa ngati sitingazikute ndi konkire ina kunja kwake. Mayiwa anayankha mofatsa kuti, "Bwana, pamwamba pa izi pakubwera nsanjika ziwiri ndi mathanki a madzi. Panopa kugumula ndi masiku ochepa. Chaka chamawa sikudzatheka." Tagumula ndi makina obaya, mosamala kuti zitsulo zisapindike, tatsuka, tathiranso. Mtengo wake K5.5 miliyoni, wagwera kampani yathu.

Zomwe tasintha pa mikisa ndi izi. Madzi akuyezedwa ndi ndowa yodulidwa pa mlingo wake, kuti ngakhale munthu afune isatenge oposa. Konkire ikauma tikuthira mankhwala ofewetsa m'malo mwa madzi. Pa zipilala tikugwiritsa kwale wa mamilimita 13 kuti adutse pakati pa zitsulo. Tikuthira m'mawa kusanatenthe, ndipo chipilala chilichonse chikukulungidwa ziguduli zonyowa kwa sabata yathunthu. Woyendetsa mikisa sanachotsedwe ntchito. Ndi iyeyo amene tsopano akuyeza kufewa kwa konkire ndi chitini chake asanalole wilibala yoyamba kunyamuka.

Mwezi uno dizilo wasowa mumzinda monse. Mizere ya magalimoto pa mafilling station ikumagona pomwepo. Matipa a mchenga ndi kwale sakubwera, magalimoto a konkire aima, ndipo silabu yachisanu yachedwa masabata awiri zitsulo zili zomangamanga padzuwa ndi mvula. Dizilo wochepa amene tikupeza tikusungira mapampu a besimenti, popeza mvula yayamba. Pa nthawi yodikirayi anthu tawaika pa ntchito youmba mabulokosi ndi kumanga maneti otchinga m'mbali. Sabata yatha thabwa linagwa kuchokera pa nsanjika yachinayi nkutera pafupi ndi pomwe amayi ogulitsa nsima amakhala. Tawasamutsira ku geti lakumbuyo komwe tawamangira kashedi, ndipo aliyense wogwira ntchito m'mphepete akumanga lamba wachitetezo. Wokana akutsika.

Banki yapereka gawo la madola a chikepe patatha miyezi itatu.

17 Febuluwale 2025: denga ndi makoma

Silabu ya denga yathiridwa. Tayala nsalu yaphula yomata ndi moto, tatseka mapaipi otulutsa madzi, tadzaza madzi padenga kwa masiku awiri. Panadontha pamalo amodzi, pomwe paipi ya mpweya imatulukira. Takonza, tayesanso, pauma.

Makoma ndi a mabulokosi a simenti. Kuyambira 2018 malamulo salola njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za boma ndi zamalonda ngati ino, pofuna kuteteza mitengo. Tikuumba tokha pa saiti a mamilimita 150 obooka mkati, thumba limodzi mabulokosi osapitirira 30, ndipo sakwera pakhoma asanathe masiku 21. Mabulokosi ogula kunja amene tinayesa poyamba ankanyenyeka m'makona pongowatsitsa. Simenti tsopano wadutsa K30,000. Zipinda za mkati mwa maofesi zidzagawidwa ndi mabolodi opepuka, aliyense wochita lendi adzagawe mmene akufunira.

14 Epulo 2025: chikepe

Chikepe chafika. Kontena inatsikira ku Beira nkulowera pa Dedza, koma inakhalitsa padoko chifukwa cha zipolowe zomwe zinabuka ku Mozambique chisankho cha mu Okutobala 2024 chitatha, ndipo ndalama yosungira katundu padoko inakwera tsiku ndi tsiku. Kuchokera pomwe ndinapempha koyamba kuti tiitanitse kufika lero papita chaka ndi miyezi isanu.

Vuto lalikulu si kuchedwako. Mphako ya chikepe tinaimanga motsatira miyeso ya kampani yomwe inapereka kotesheni mu 2023. Pofika poitanitsa, abwana anasankha ina yotsika mtengo, ndipo chikepe chake chikufuna dzenje lapansi lakuya mamita 1.5 pomwe lathu ndi 1.3. Dzenje limenelo ndi gawo la maziko aja, ndipo lili kunsi kwa madzi. Kuligumula nkuitana madzi m'nyumba. Amisiri oika chikepe anatsitsanso zingwe zoyezera kuchokera padenga, napeza kuti khoma limodzi lapendekera mkati masentimita atatu pa nsanjika yachisanu.

Khomalo tasema pang'ono, a injiniya ataona kuti zitsulo zikhalabe zokutidwa mokwanira, ndipo mabulaketi ogwira njanji asinthidwa. Za dzenje, njira yomwe yapezeka ndi kukweza pansi pa besimenti kutsogolo kwa chitseko cha chikepe ndi masentimita 20, nkupanga kamtunda kotsetsereka kuti wa pa njinga ya olumala akwere bwinobwino. Kampani ya chikepe yavomereza polemba. Tataya malo a galimoto imodzi. Mnzanga womanga nyumba ya chikepe, usathire konkire ya dzenje usanagwire pepala la miyeso losainidwa ndi kampani yomwe yalandira kale ndalama.

23 Juni 2025: magetsi, madzi, moto, ndi zotsala

Magalasi a kumpoto aikidwa. Asanu anafika osweka, ndipo olowa m'malo mwake adzatenga miyezi iwiri, choncho tatseka mabowowo ndi mapulayi. Tikanaitanitsa oonjezera pachiyambi akanabwera m'kontena yomweyo.

Thiransifoma ya 500 kVA yakhala pa malo ake, tikudikira kulumikizidwa ndi ESCOM. Jenereta ili m'kachipinda kake kunja, paipi ya utsi yaloza kutali ndi mawindo otseguka aja. Padenga tasiya mabulaketi ndi mapaipi a mawaya a sola, mapanelo adzabwera ndalama zikapezeka. Madzi a Lilongwe Water Board akulowa mu thanki la pansi la malita 60,000, pampu nkumawakweza ku mathanki a padenga. Paipi yotengera madzi a tsiku ndi tsiku taiika pakatikati pa thankilo, kuti theka la pansi lizitsala nthawi zonse la ozimitsa moto. Poyesa mapaipi ndi mphamvu, joini imodzi inaphulika pa nsanjika yachiwiri siling'i isanaikidwe, ndipo nchifukwa chake sindilola siling'i kutsekedwa mapaipi asanayesedwe. Zonyansa talumikiza ku paipi yaikulu yopita ku Kauma.

Msewu wotsikira mu besimenti unatsetsereka kwambiri pamwamba pake. Galimoto yaing'ono ya owerengera mitengo inakhula mimba poyesa. Tasema nsonga yake nkuthira kachigawo kofatsa ka mamita atatu, ndipo pansi pake taika ngalande ya zitsulo yopita ku chitsime cha pampu. Mpanda wa oyandikana nawo uja tamanganso, alandira.

Zotsala ndi matailosi a nsanjika ziwiri zapamwamba, zitseko zosagwira moto za pa masitepe onse awiri, penti yakunja, kuyesa chikepe chitanyamula katundu wolemera, ndi kuyendera kwa a zozimitsa moto ndi a Khonsolo kuti apereke chilolezo cholowera. Zitseko zija zili pa sitima, akuti zifika ku Beira mwezi wamawa. Pa pulogalamu yoyamba nyumbayi imayenera kuperekedwa mu Disembala 2024. Tsopano tikuloza Okutobala, ngati zitsekozo zidutse pa Dedza mu Ogasiti.